pgRouting pa misewu ya dziko lonse: chida chodalirika chimene chingagwetse seva ngati sichinamvetsedwe

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito pgRouting kwa zaka zingapo powerengera njira zimene magalimoto onyamula katundu ayenera kudutsa, ndipo ndemanga iyi ndailemba chifukwa cha vuto limodzi limene anthu ambiri ogwiritsa ntchito chidachi amakumana nalo tsiku limene misewu yawo yachuluka. Funso lofuna njira yachidule pakati pa malo awiri limayankhidwa msangamsanga pamene tebulo la mu nkhokwe ya deta lili ndi misewu ya mzinda umodzi, koma munthu akangolowetsa misewu ya dziko lonse, funso lomwelo limatenga nthawi yaitali, kenaka kulumikizana kumaduka, ndipo anthu ena onse amene anali pa seva imeneyo (kompyuta yosunga deta imene onse amalumikizako), ngakhale amene ntchito yawo sikhudzana ndi misewu, amachotsedwa nthawi imodzi. Ndinene poyera kuti chidachi ndimachikhulupirira ndipo ndikuchigwiritsabe ntchito mpaka lero, koma chimafuna kuti munthu adziwe zimene chimachita ndi RAM ya makina ake, malo amene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zinthu zimene ikugwirira ntchito, asanachisenzetse katundu wolemera.

pgRouting ndi chowonjezera cha PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsa nkhokwe ya deta, ndipo chimagwira ntchito limodzi ndi PostGIS, chowonjezera china chosungira deta ya mapu. Chinayamba ndi dzina lakuti pgDijkstra ku kampani ya Camptocamp, kenaka kampani ya Orkney ya ku Japan inachikulitsa n'kuchipatsa dzina limene tikulidziwa leroli. Chinalembedwa mu C ndi C++, chimadalira kwambiri Boost Graph Library, ndipo chimaperekedwa pansi pa layisensi ya GPL, kotero kuti aliyense ali ndi ufulu wowerenga mmene chinalembedwera. Pamtima pake pali njira yowerengera imene Edsger Dijkstra anaisindikiza mu 1959, pamodzi ndi zina zimene zinabwera pambuyo pake, monga A* ya mu 1968. Munthu amasunga misewu yake m'tebulo, chidutswa chilichonse cha msewu pa mzere wake, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi nambala yake, mphambano imene chidutswacho chikuyambira, mphambano imene chikuthera, komanso mtengo wodutsira pamenepo, umene ungakhale mtunda, nthawi kapena china chilichonse chimene mwini ntchitoyo akufuna kuchichepetsa.

Chimene chinandikopa, ndipo chimene ndimachionabe kuti n'chosowa m'zida zina, n'chakuti mtengo wodutsirawo suyenera kukhala nambala yokhazikika. Function (lamulo loitanidwa ndi dzina) ya pgr_dijkstra imalandira funso la SQL, chilankhulo chofunsira nkhokwe ya deta, ndipo chilichonse chimene funsolo labweza ndicho chimatengedwa kukhala ukonde wa misewu wa nthawi imeneyo. Ngati mlatho watsekedwa m'mawa uno, ndimasintha mzere umodzi m'tebulo ndipo funso lotsatira limaulambalala mlathowo popanda kukonzanso china chilichonse. Ngati galimoto ndi yaitali kwambiri moti singadutse pansi pa mlatho wa njanji, ndimalemba mkati mwa funso lomwelo kuti zidutswa zimene zili ndi denga lotsika zipatsidwe mtengo wochepera pa ziro, umene pgRouting imaumva kuti pamenepo palibe msewu. Misewu yoyenda mbali imodzi imayendetsedwa ndi lamulo lomwelo kudzera mu reverse_cost, mtengo wodutsira chidutswacho mobwerera. Ndipo popeza yankho limabwera ngati mizere wamba, ndimalilumikiza ndi matebulo a makasitomala, a madalaivala ndi a katundu mu funso limodzi. Kwa munthu amene deta yake imasintha tsiku ndi tsiku, ufulu umenewu ndi waukulu zedi.

Koma ufulu womwewo ndiwo gwero la kugwa kwa seva, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalapo pang'ono. Popeza misewu imatengedwa ku funso la SQL nthawi iliyonse, pgRouting sisunga ukonde womangamanga umene ungagwiritsidwenso ntchito. Nthawi iliyonse imene function yaitanidwa, imayendetsa funso la misewu lija, imawerenga mizere yonse imene yabwera n'kuiika mu RAM, imamanga ukonde wonse wa mphambano ndi zidutswa, imafufuza njira, imabweza yankho, kenaka imataya zonse. Ngati funso lanu likuti tengani mizere yonse ya m'tebulo, ndiye kuti ulendo wa makilomita awiri mkati mwa mzinda umafuna kuti misewu ya dziko lonse inyamulidwe kaye. Pa ukonde waukulu, nthawi yambiri imathera pa kuwerenga ndi kumanga kumeneku, osati pa kufufuza njira kwenikweniko. Ndipo tisaiwale kuti deta ya OpenStreetMap, mapu aulere a dziko lonse lapansi, ikalowetsedwa ndi mapulogalamu a osm2pgrouting kapena osm2po, msewu umodzi umadulidwa pa mphambano iliyonse, kotero kuti chimene pa mapu chikuoneka ngati msewu umodzi chimakhala mizere yambirimbiri m'tebulo.

Kuti timvetse chifukwa chake funso limodzi limachotsa anthu onse, tiyenera kuyang'ana mmene PostgreSQL inamangidwira. Kulumikizana kulikonse kumapatsidwa process yakeyake, kutanthauza pulogalamu yoyenda payokha m'makinamo, ndipo ma process onsewo amayang'aniridwa ndi process yaikulu yotchedwa postmaster. Zowonjezera zolembedwa mu C, monga pgRouting, zimagwira ntchito mkati mwenimweni mwa process ya wofunsayo, popanda mpanda wozilekanitsa. Ma process onse amagawana chigawo chimodzi cha RAM, ndipo process imodzi ikafa mwadzidzidzi, postmaster ilibe njira yodziwira ngati yafayo yasiya chigawocho chili bwino kapena chitawonongeka. Choncho imasankha njira yotetezeka: imathetsa ma process ena onse, imakonza chigawocho mwatsopano, ndipo imawerenganso WAL, kaundula wa zosintha zonse, kuchokera pa checkpoint yomaliza, pamene zosinthazo zinalembedwa komaliza m'mafayilo a matebulo, kuti matebulo abwerere m'malo mwake. Pa nthawi imeneyi aliyense woyesa kulumikiza amauzidwa kuti seva ili mkati mobwezeretsa zinthu. Khalidwe limeneli si chilema. Ndilo limateteza deta yanu, ndipo ntchito zonse zimene zinali zitatsimikizidwa kale sizitayika. Komabe kwa anthu amene anali mkati mwa ntchito yawo, zotsatira zake n'zopweteka.

Pamene seva yathu inagwa koyamba, tinataya nthawi yambiri tikusintha zinthu mongoganizira, ndipo vuto linali lathu, chifukwa sitinayambe ndi kuwerenga log, fayilo imene seva imalembamo zimene zikuchitika. Uthenga umene wofunsa amauona, wakuti seva yatseka kulumikizana mosayembekezereka, sunena chilichonse chothandiza. Zoona zake zili mu log ya PostgreSQL, mmene postmaster imalemba mmene process inafera, ndipo pansi pake imalembanso funso limene process imeneyo inali kuyendetsa. Mukapeza mawu akuti "was terminated by signal 9: Killed", process inaphedwa ndi wina wochokera kunja, ndipo pa Linux wakuphayo kawirikawiri ndi OOM killer, mbali ya Linux imene imapha process RAM ikatha. Mukapeza "was terminated by signal 11: Segmentation fault", process inadzipha yokha pogwira malo a RAM amene si ake, zimene zikusonyeza cholakwika mu pulogalamu. Ndipo mukapeza ERROR wamba wonena za kuchepa kwa memory, seva sinagwe n'komwe, koma funso lokhalo ndilo lalephera. Matenda atatuwa amaoneka ofanana kwa wodwala, koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu, ndipo kuthamangira kusintha masetingi musanadziwe amene mukulimbana nawo n'kungowonjezera chisokonezo.

Signal 9 ndiyo yofala kwambiri pa misewu ikuluikulu. Linux, mwa chizolowezi chake, imalonjeza mapulogalamu RAM yoposa imene ilipo, poyembekezera kuti si onse amene adzagwiritse ntchito zonse zimene apempha. Ukonde wa misewu ukamamangidwa, lonjezo limenelo limafika poti likwaniritsidwe, RAM imatha, ndipo kernel, mtima wa Linux, imasankha process imodzi n'kuipha kuti makina asaume. Umboni wake umapezeka mu log ya Linux, imene imawerengedwa ndi dmesg kapena journalctl, mmene mumalembedwa nambala ya process imene yaphedwa ndi kuchuluka kwa RAM imene inali itatenga. Nambala imeneyo ikafanana ndi imene ili mu log ya PostgreSQL, palibenso chokayikira.

Pali chikhulupiriro cholakwika chimene ndachimva kambirimbiri, chakuti kuchepetsa kapena kuwonjezera work_mem kungathetse vutoli. work_mem, imene PostgreSQL imaiika pa 4MB ikangoikidwa kumene, imalamulira RAM imene seva imagwiritsa ntchito posanja mizere ndi pomanga ma hash, ndipo malirewo akapyoledwa ntchitoyo imasamukira pa disiki. Ukonde umene pgRouting imamanga suli pansi pa lamulo limeneli. Umakula mpaka pamene misewu yathera kapena RAM yathera, ndipo ulibe posamukira. Kuwonjezera shared_buffers, RAM yogawana imene PostgreSQL imasungamo deta ya matebulo, nakonso kukhoza kukulitsa vutolo m'malo molichepetsa, chifukwa RAM iliyonse imene mwaipereka kumeneko mwailanda ku ma process amene akufunika malo omangira ukonde. Pa seva yoyendetsa pgRouting, funso loyenera kudzifunsa n'lakuti funso limodzi la njira likudya RAM yochuluka bwanji, ndipo mafunso otere angayende angati nthawi imodzi. Kuchulukitsa manambala awiriwo kumakupatsani RAM imene iyenera kukhala yopanda ntchito ina.

Mabuku a PostgreSQL enieniwo amalangiza kuika setingi ya Linux ya vm.overcommit_memory pa 2, ndipo ine ndikugwirizana nawo kotheratu pa makina amene ntchito yake ndi nkhokwe ya deta yokha. Zikatero kernel imasiya kulonjeza zimene ilibe. Pempho la RAM limakanidwa poyera, pulogalamu imadziwa kuti yakanidwa, ndipo chimene chikanakhala kugwa kwa seva yonse kawirikawiri chimasanduka ERROR ya funso limodzi. Apa ndiyenera kuyamikira olemba pgRouting, chifukwa mbali ya C++ inakonzedwa kuti izigwira zolakwika zoterezi n'kuzipereka kwa PostgreSQL ngati uthenga, m'malo mozisiya kuti ziphe process. Chenjezo n'lakuti muyeneranso kuona vm.overcommit_ratio, imene imanena maperesenti a RAM amene kernel ingalonjeze ndipo imayambira pa 50, chifukwa pa makina opanda swap (malo a pa disiki owonjezera RAM) yokwanira ikhoza kukusiyani mukugwiritsa ntchito theka lokha la RAM imene munagula. N'kothandizanso kuteteza postmaster poika oom_score_adj yake pa -1000, kuti ngati kernel iphe wina, isaphe woyang'anirayo. Amene amayendetsa PostgreSQL mu Docker kapena Kubernetes, mmene pulogalamu imayenda m'kachipinda kakekake kotchedwa container, adziwe kuti kumeneko malire a RAM a container (cgroup) ndi amene amalamulira: process imaphedwa ikapyola malire a container ngakhale makinawo ali ndi RAM yambiri yotsala, ndipo ngati container yonse yafa mudzaona nambala yotulukira 137, imene ndi 128 kuphatikiza 9.

Palinso khoma lina limene anthu a misewu ikuluikulu kwambiri akhala akuligunda m'mitundu yakale ya pgRouting, ndipo ndimalikonda chifukwa masamu ake ndi oonekeratu. PostgreSQL silola pempho limodzi wamba la RAM kupitirira pafupifupi 1GB, ndipo lopitirira limakanidwa ndi mawu akuti "invalid memory alloc request size". Chidutswa chimodzi cha msewu chimafuna manambala asanu (nambala yake, poyambira, pothera, mtengo ndi reverse_cost), lililonse la ma byte 8, ndiye kuti ma byte 40. Mizere 27 miliyoni ikachulukitsidwa ndi 40 imapereka ma byte 1,080,000,000, amene apyola kale malirewo. Wina akaona uthenga umenewu amathamangira kuwonjezera RAM, koma sizithandiza, popeza malirewo sadalira kukula kwa makina. Ndipo manambala asanuwo ndi chiyambi chabe. Ukonde womangidwa ndi Boost, pamodzi ndi zonse zofunika pofufuza, umatenga malo ochuluka kuposa mizere ya m'tebuloyo.

Za signal 11 ndinena mwachidule, chifukwa mu mitundu yatsopano sindimaiona kawirikawiri. Choyamba ndi kuona mtundu umene mukuyendetsa pogwiritsa ntchito pgr_version, n'kutsimikiza kuti mutaika phukusi latsopano munayendetsanso ALTER EXTENSION pgrouting UPDATE mu nkhokwe iliyonse, chifukwa anthu ambiri amasintha mafayilo a pa disiki n'kuiwala mbali ya SQL. Vuto likapitirira, lolani kuti makina alembe core dump, fayilo yosunga zimene zinali mu RAM ya process pamene inagwa, ikani zizindikiro zothandiza kufufuza (debug symbols) za PostgreSQL ndi za pgRouting, tsegulani fayiloyo ndi pulogalamu yofufuzira zolakwika ya gdb ndipo lamulo la bt lidzakusonyezani pamene pulogalamu inagwera. Kenaka chepetsani misewu pang'onopang'ono, theka ndi theka, mpaka mutatsala ndi mizere yochepa kwambiri imene ikugwetsabe process. Lipoti lokhala ndi mizere yochepayo, mtundu wa mapulogalamu onse ndi zimene gdb yasonyeza ndi limene olemba chidachi angathe kuligwirira ntchito. Zonsezi zichitike pa makina oyeserera, osati pa seva imene anthu akuidalira.

Mankhwala enieni a vuto la RAM ndi kuchepetsa misewu imene mukuipereka, ndipo pano pgRouting imapereka chida chabwino chifukwa funso la misewu lili m'manja mwanu. Njira yodziwika ndi kujambula bokosi lozungulira poyambira ndi pothera ulendo, kulikulitsa ndi ST_Expand, n'kutenga zidutswa zokhazo zimene zagwera m'bokosimo pogwiritsa ntchito chizindikiro cha && pamodzi ndi index ya GiST, mlozera wofulumizitsa kufufuza malo. Pa maulendo a mkati mwa mzinda, kusintha kumeneku kokha kumathetsa mbali yaikulu ya vutoli. Koma bokosi lili ndi misampha yake imene malangizo ambiri saitchula. Ngati deta yanu ili mu SRID 4326, mmene malo amalembedwa mu latitude ndi longitude, nambala imene mukupereka kwa ST_Expand ndi ya madigiri, osati mamita, ndipo digiri imodzi kulowera kumpoto kapena kumwera ndi pafupifupi makilomita 111, kotero kuti kulemba 1000 poganiza za mamita n'kutenga dziko lonse lapansi. Choopsa kwambiri n'chakuti bokosi laling'ono likhoza kudula njira yoyenera popanda chenjezo lililonse. Malo awiri oyang'anizana pa nyanja kapena pa mtsinje waukulu amaoneka oyandikana, pamene mlatho wowalumikiza uli kutali kunja kwa bokosi. PgRouting idzabweza yankho lopanda kanthu, kapena, choipa kuposa pamenepo, idzabweza njira yaitali yodutsa m'tinjira ta mkati mwa bokosi ngati kuti ndiyo yachidule. Ine ndimayamba ndi bokosi laling'ono, ndipo yankho likakhala lopanda kanthu ndimalikulitsa kawiri kapena katatu mpaka malire amene ndinawaika, koma ndikuvomereza kuti njira imeneyi siteteza ku yankho lachiwiri lija.

Pa maulendo ataliatali bokosi silithandiza, chifukwa limakula mpaka kuphimba theka la dziko. Apa ndimatsanzira mmene dalaivala amaganizira: pafupi ndi poyambira ndi pothera ndimatenga misewu yonse, ngakhale ing'onoing'ono, koma pakati pa ulendo ndimatenga misewu ikuluikulu yokha, malinga ndi magulu amene OpenStreetMap inaiika monga motorway, trunk ndi primary. Mizere imachepa kwambiri ndipo njira imene imatuluka ndi imene munthu wanzeru angaisankhe, ngakhale sitinganene motsimikiza kuti ndiyo yachidule kuposa zonse. Palinso pgr_contraction, imene imachotsa misewu yothera panjira ndi kuphatikiza zidutswa zotsatizana zopanda mphambano pakati. Imachepetsadi ukonde, koma imasiyira inu ntchito yosunga zimene zachotsedwa ndi kuzibwezera pamene ulendo ukuyambira kapena kuthera pa mphambano yochotsedwayo, ndipo ntchito imeneyi si yaing'ono.

Anthu ena amalangiza kusiya pgr_dijkstra n'kutenga pgr_aStar kapena pgr_bdDijkstra poganiza kuti RAM ichepa. Ma function amenewa amachepetsadi chigawo cha ukonde chimene chimafufuzidwa, koma ukonde wonse umamangidwabe kaye kufufuza kusanayambe. Kunena zoona, A* imafuna manambala anayi owonjezera pa chidutswa chilichonse, osonyeza malo a mbali zake ziwiri, kotero kuti katundu wonyamula amakula m'malo mochepa.

Kaitanidwe ka function nakonso kamagwetsa maseva ambiri. Munthu amene ali ndi maulendo zikwi zingapo amakopeka kuitana pgr_dijkstra kamodzi pa mzere uliwonse kudzera mu LATERAL, ndipo zotsatira zake n'zakuti ukonde umamangidwa ndi kugwetsedwa kambiri ngati maulendowo. pgRouting imalola kupereka mndandanda wa poyambira ndi pothera, kapena funso la maulendo ophatikiza, mu kuitana kumodzi, ndipo zikatero ukonde umamangidwa kamodzi kokha. Ngati mukufuna mtunda wokha osati chidutswa chilichonse cha njira, pgr_dijkstraCost imabweza mzere umodzi pa ulendo uliwonse. Koma mbali inayo nayo ili ndi dzenje: pgr_dijkstraCostMatrix ya malo 5,000 imabala mizere pafupifupi 25 miliyoni, ndipo yankholo limasonkhanitsidwa mu RAM lisanatuluke. Ntchito yotere iyenera kugawidwa m'magulu ang'onoang'ono, gulu lililonse n'kulembedwa m'tebulo lisanayambe linzake.

Ubwino wa deta umakhudzanso nthawi ndi RAM m'njira imene ambiri saiganizira. Ngati pothera ulendo pali pa kachilumba ka misewu kosalumikizana ndi ukonde waukulu, monga msewu wa mkati mwa fakitale umene wojambula mapu sanaulumikize, njira ya Dijkstra imayendera mphambano iliyonse imene ingafikiridwe isanavomereze kuti njira palibe. Mafunso opanda yankho ndi amene amatenga nthawi yaitali kuposa onse. pgr_connectedComponents imasonyeza tizilumba timeneti, ndipo ine ndimasunga nambala ya gulu pa mphambano iliyonse kuti ulendo wa pakati pa magulu awiri osiyana ukanidwe function isanaitanidwe n'komwe.

Ngakhale funso limodzi litachepetsedwa, seva ikhoza kugwabe ngati mafunso ambiri afika pamodzi, popeza process iliyonse imamanga ukonde wakewake ndipo palibe kugawana. PostgreSQL imalola kulumikizana 100 ikangoikidwa kumene, ndipo palibe makina wamba amene angapirire maukonde akuluakulu 100 nthawi imodzi. Ndimapereka ntchito ya njira kwa role (dzina lolowera mu nkhokwe) yakeyake, ndimaika CONNECTION LIMIT yochepa pa role imeneyo, ndipo PgBouncer, pulogalamu yoyang'anira kulumikizana, imaimika mafunso otsalawo pa mzere mpaka malo atapezeka. Pa role yomweyo ndimaikanso statement_timeout kuti funso losokera lisakhale mpaka kalekale. Funso likakakamira, gwiritsani ntchito pg_cancel_backend kapena pg_terminate_backend, ndipo mudikire; musayese kuipha process ndi kill -9, chifukwa postmaster idzaona imfa imeneyo mofanana ndi ya OOM killer ndipo mudzakhala mwagwetsa seva ndi dzanja lanu.

Chinthu chimene chinandipatsa mtendere kuposa zonse ndi kusamutsira mafunso a njira pa seva yachiwiri, imene imakopera deta kuchokera pa seva yaikulu kudzera mu streaming replication. Ma function ofufuza njira amangowerenga, kotero amayenda bwinobwino pa seva yachiwiri yotereyi, yotchedwa hot standby, ndipo process ikaphedwa kumeneko, imene imayambiranso ndi seva yachiwiriyo pamene malonda ndi zolemba zikupitirira pa yaikulu. Chofunika kukumbukira n'chakuti mafunso aatali pa standby akhoza kuthetsedwa akasemphana ndi zosintha zochokera ku seva yaikulu, malinga ndi max_standby_streaming_delay imene imayambira pa masekondi 30, choncho nambala imeneyo iyenera kugwirizana ndi nthawi imene mafunso anu amatenga.

Mabuku a pgRouting ndi olongosoka pa kufotokoza function iliyonse, zimene imalandira ndi zimene imabweza, ndipo ndimayamikira kuti amasiyanitsa poyera ma function ovomerezeka, oyembekezera kuvomerezedwa ndi ongoyeserera, n'kuchenjeza kuti oyesererawo akhoza kugwetsa seva. Chenjezo limenelo liyenera kumvedwa monga lalembedwera. Chimene ndikanakonda kuti chikhalepo ndi njira yoikira malire a RAM kapena a chiwerengero cha zidutswa pa kuitana kumodzi, kuti function ikane ntchito yoposa msinkhu isanayambe kuinyamula. Pakalipano malire oterewo ndimawaika ndekha, powerenga kaye mizere imene ili m'bokosi n'kukana funso likapyola chiwerengero chimene ndinachiyesa pa makina anga. Zitsanzo za m'mabukuwo zimagwiritsa ntchito ukonde waung'ono kwambiri, zimene n'zoyenera pophunzitsa, koma zimachititsa woyamba kumene kuzolowera kutenga tebulo lonse mu funso lililonse, ndipo chizolowezi chimenechi n'chimene chimamupweteka pambuyo pake.

Kodi chidachi n'choyenera yani? Ngati ntchito yanu ndi kuyankha anthu ambirimbiri pa intaneti amene akufuna njira za dziko lonse kapena za kontinenti m'kanthawi kochepa, pgRouting si chida choyenera, ndipo palibe kusintha masetingi kumene kungaisandutse choyenera. OSRM, pulogalamu ina yofufuza njira, imakonzeratu ukonde pogwiritsa ntchito contraction hierarchies, njira imene inafotokozedwa ndi ofufuza a ku Karlsruhe mu 2008, n'kuusunga wokonzeka kuti mafunso onse agawane. GraphHopper imachitanso zofanana mu Java, pamene Valhalla imagawa misewu m'timagawo n'kumatenga tokhato timene ulendo ukufuna. Zida zimenezi zimayankha mofulumira kwambiri, koma malipiro ake ndi akuti kusintha malamulo a mtengo wodutsira sikophweka ngati kulemba mzere wa SQL, pa zida zodalira contraction hierarchies kawirikawiri kumafuna kukonzanso ukonde, ndipo deta yanu yakhala m'malo awiri amene muyenera kuwagwirizanitsa. Koma ngati misewu yanu ndi ya mzinda kapena chigawo, ngati malamulo anu amasintha malinga ndi galimoto, katundu kapena tsiku, kapena ngati ukonde wanu si wa misewu n'komwe koma wa mapaipi a madzi, mawaya a magetsi kapena njanji, ndiye kuti pgRouting n'njovuta kuiposa.

Pa ntchito yanga ndinagawa zinthu pawiri. Maulendo ataliatali a tsiku ndi tsiku, amene malamulo ake sasintha, amapita ku OSRM. Maulendo a magalimoto olemera kapena aatali, amene ayenera kulambalala milatho yofooka, misewu yotsekedwa ndi malo oletsedwa pa maola ena, amatsalira pa pgRouting, pa seva yachiwiri yokhala ndi vm.overcommit_memory pa 2, kulumikizana kowerengeka, bokosi lokula pang'onopang'ono ndi misewu ikuluikulu yokha pakati pa ulendo. Nthawi iliyonse imene talowetsa mapu atsopano, ndimawerenganso tizilumba ta misewu, ndimayendetsa ulendo wautali kwambiri umene tili nawo ndikuyang'ana RAM ya process imeneyo, ndipo ngati yakwera ndimachepetsa chiwerengero cha kulumikizana ndisanatsegulire anthu.